Kodi Chipani Ndicho Chimakhazikitsa Maganizo a Wovota?

Akatswiri a maphunziro a ndale akhala akutsutsana kwa zaka zoposa 60 pa funso loti n'chiyani chimachititsa munthu wovota kukhala ndi maganizo amodzimodzi pa nkhani za kayendetsedwe ka dziko, ndipo mkanganowu ndi waukulu chifukwa ulamuliro wa demokalase umatsamira pa chikhulupiriro choti anthu ali ndi zofuna zawozawo zimene boma liyenera kuzimva ndi kuzitsata. Kukhazikika kwa maganizo kukutanthauza kuti munthu akafunsidwa lero ngati boma liyenera kukweza msonkho kapena kuthandiza anthu osowa ntchito, nafunsidwanso funso lomwelo patapita zaka ziwiri kapena zinayi, yankho lake likhale lomwe lija, ndipo ngati lasintha pakhale chifukwa chomveka chimene lasinthira. Gulu lina la akatswiri limati chipani ndicho chimapatsa wovota maganizo ndi kumusungira maganizowo, kotero kuti popanda chipani anthu ambiri akanamayankha mwa apa ndi apo. Gulu lachiwiri limati wovota amafika ku chipani atanyamula kale maganizo ake, ochokera m'moyo wake, m'chipembedzo chake ndi m'dera limene anakulira, ndipo chipani chofuna kukhalitsa chimangotsata kumene anthu akulowera.

Mbali yoyamba inamera ku yunivesite ya Michigan ku America, kumene Angus Campbell, Philip Converse, Warren Miller ndi Donald Stokes anatulutsa buku lotchedwa The American Voter mu 1960. Iwo anaphunzitsa kuti munthu amakonda chipani chake monga momwe amakondera mpingo wake, nthawi zambiri potengera kwa makolo, ndipo chikondi chimenechi chimayamba munthuyo asanaganizepo mozama za mfundo za chipanicho. Umboni wamphamvu unachokera ku kafukufuku wobwereza, kutanthauza kafukufuku amene amabwerera kwa anthu omwewo kangapo m'malo mofunsa anthu atsopano ulendo uliwonse. Anthu amene anafunsidwa mu 1956 anafunsidwanso mu 1958 ndi mu 1960, ndipo Converse, polemba mu 1964, anaonetsa kuti ambiri mwa iwo ankatchula chipani chomwecho ulendo uliwonse, koma pa mafunso a mfundo, monga ngati boma liyenera kusiyira makampani ntchito yamagetsi ndi yomanga nyumba, mayankho awo ankasinthasintha kwambiri moti yankho la munthu mu 1956 silinkathandiza kwenikweni kudziwa chimene adzanene mu 1958. Converse anaganiza kuti anthu ambiri sakhala ndi maganizo enieni pa nkhani zotere, kungoti akafunsidwa amachita manyazi kunena kuti sadziwa, choncho amatola yankho limene labwera m'mutu pa nthawiyo.

Ngati zinthu zili chomwechi, funso lotsatira n'lakuti anthu ochepa amene amayankha mosasinthasintha amautenga kuti mtima umodziwo. Yankho la mbali yoyamba n'lakuti amautenga ku chipani. Zipani zimasonkhanitsa mfundo zambiri zosiyana, za misonkho, za chipembedzo, za nkhondo ndi za alendo olowa m'dziko, n'kuzimanga mtolo umodzi, ndipo wovota amene akudziwa chimene chipani chake chimanena pa nkhani iliyonse amakhala ndi poyambira nthawi zonse akafunsidwa. Sean Freeder, Gabriel Lenz ndi Shad Turney anaunikanso kafukufuku wobwereza wa zaka zambiri ndipo mu 2019 anapeza kuti kukhazikika kwa maganizo kumapezeka makamaka pakati pa anthu amene amadziwa mbali imene chipani chilichonse chaima ndipo amagwirizana ndi chipani chawo, pamene amene sadziwa zimenezi amasinthasintha monga momwe Converse anaonera. Lenz yemweyo, m'buku lake la mu 2012, anatsata chisankho cha ku America cha mu 2000, pamene George W. Bush ndi Al Gore anakangana pa ganizo loika gawo la ndalama za penshoni ya boma m'manja mwa eni ake kuti azichitira malonda, ndipo anapeza kuti ovota ambiri atadziwa mbali ya mtsogoleri wawo anasintha maganizo awo kuti afanane ndi ake, osati kusintha mtsogoleri kuti afanane ndi maganizo awo.

Umboni wina umene mbali iyi imaunyadira unachokera ku Denmark, dziko la zipani zambiri ndi la anthu ophunzira, kumene munthu akanayembekeza kuti ovota sangakokedwe msanga. Mu 2010 chipani cha Dansk Folkeparti, chimene chinkadziwika poteteza thandizo la boma kwa anthu wamba, chinavomera mwadzidzidzi kuti nthawi imene munthu wochotsedwa ntchito amalandira ndalama zomuthandiza ichepetsedwe kuchoka pa zaka zinayi kufika pa ziwiri, ndipo kumayambiriro kwa 2011 chipani cha Venstre chinanena kuti chikufuna kuthetsa dongosolo lolola anthu kupuma pantchito msanga. Rune Slothuus ndi Martin Bisgaard anali atayamba kale kufunsa anthu omwewo zipanizi zisanatembenuke, ndipo atawafunsanso anapeza kuti otsatira zipanizo anasunthira kumene zipani zawo zinalowera, pamene otsatira zipani zina sanasunthe chimodzimodzi. Nkhani zimenezi zinali zokhudza ndalama za m'thumba mwa anthu, osati zakutali, ndiye chifukwa chake zotsatirazi n'zovuta kuzinyalanyaza.

Oikira kumbuyo mbali yoyamba samaona kutsatira chipani ngati uchitsiru. Amati munthu wolima, wogulitsa mumsika kapena wophunzitsa ana alibe nthawi yowerenga ndondomeko ya chuma cha dziko kapena mapangano a malonda ndi maiko ena, ndipo n'kwanzeru kuti akhulupirire gulu limene lakhala likuyankhulira anthu onga iye, monga momwe wodwala amakhulupirira dokotala wake popanda kuphunzira udokotala. M'maganizo awo, chipani chimapatsa dziko mwayi woti mkangano wa ndale ukhale ndi mutu, pakuti boma silingamve zofuna za anthu mamiliyoni amene aliyense akuyankha zake, koma lingathe kumva mitolo iwiri kapena itatu ya mfundo zimene zakhala zikunenedwa mosasintha kwa zaka.

Mbali yachiwiri inayamba ndi kukayikira chida choyezera. Christopher Achen analemba mu 1975 kuti kusinthasintha kumene Converse anaona kunali kwa mafunso kuposa kwa anthu, chifukwa funso lolembedwa mosamveka bwino, lokhala ndi mayankho asanu oyandikana, lingathe kutulutsa mayankho osiyana kuchokera kwa munthu amene mtima wake sunasinthe. Mu 2008 Stephen Ansolabehere, Jonathan Rodden ndi James Snyder anaonetsa kuti munthu akafunsidwa mafunso ambiri pa nkhani imodzi, mayankho ake n'kuphatikizidwa, maganizo ake amaoneka okhazikika pafupifupi ngati chikondi chake cha chipani. Morris Fiorina naye, mu 1981, anatsutsa zoti kukonda chipani n'chinthu chobadwa nacho, ndipo anati wovota amasunga mumtima chiwerengero cha zabwino ndi zoipa zimene chipani chilichonse chamuchitira, chiwerengero chimene chimasintha pang'onopang'ono boma likachita bwino kapena likalephera.

Koma mphamvu yeniyeni ya mbali yachiwiri ili m'mbiri ya zisankho. Azungu a kummwera kwa America anavotera chipani cha Democratic kwa zaka pafupifupi 100 kuchokera pamene nkhondo yapachiweniweni inatha, ndipo chikondi chimenecho chinkapatsirana kuchokera kwa agogo kufika kwa adzukulu. Mu 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson, wa chipani chomwecho, anasaina lamulo lothetsa tsankho lopatula anthu akuda m'malo a anthu onse, ndipo chaka chomwecho Barry Goldwater wa chipani cha Republican, amene anakana lamulolo ku nyumba ya malamulo, anapambana m'zigawo zisanu za kummwera kwenikweni ngakhale anagonja moipa m'dziko lonse. Chipani chinatembenuka, koma ovota aja sanatembenuke nacho: anasunga maganizo awo, ngakhale anali maganizo oipa, ndipo m'zaka zotsatira anasamukira ku chipani china. Ku Britain nako, mu riferendamu ya mu 2016, atsogoleri a chipani cha Labour ndi aphungu ake ambiri anauza anthu awo kuti avotere kukhalabe m'bungwe la European Union, koma madera ambiri a kumpoto kwa England amene ankavotera Labour kwa mibadwo anasankha kutuluka, ndipo mu 2019 angapo mwa madera omwewo anasankha aphungu a chipani cha Conservative. Thomas Carsey ndi Geoffrey Layman anali atafotokoza kale mu 2006 chimene chimasiyanitsa zochitika ziwirizi ndi za ku Denmark zija: munthu amene akudziwa kusiyana kwa zipani pa nkhani ina koma nkhaniyo sikumukhudza kwambiri amasintha maganizo kuti atsate chipani, pamene munthu amene nkhaniyo yamulowa mumtima amatha kusintha chipani kuti atsate maganizo.

Pafupifupi umboni wonsewu ukuchokera m'maiko amene zipani zake n'zakale ndipo zimasiyana poyera pa mfundo, choncho dziko la Malawi, limene linabwerera ku ulamuliro wa zipani zambiri pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993, limayesa mbali zonse ziwiri mwa njira ina. Pa chisankho cha mu 1994 Bakili Muluzi wa UDF anapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Kamuzu Banda wa MCP anapeza 33, ndipo Chakufwa Chihana wa AFORD anapeza 19, ndipo aliyense anakolola kwambiri m'chigawo cha kwawo: Kummwera, Pakati ndi Kumpoto. Wotsatira mbali yoyamba angaloze chipani cha MCP, chimene chinakhazikitsidwa mu 1959, ndi kunena kuti chinasunga otsatira ambiri m'Chigawo cha Pakati kwa zaka 26 chili kunja kwa boma, chopanda maudindo kapena chuma choti chigawire anthu ake, zimene zikufanana kwambiri ndi chikondi chotengera kwa makolo chimene akatswiri a ku Michigan anafotokoza. Angalozenso kafukufuku wa Daniel Posner wa mu 2004, amene anafunsa Achewa ndi Atumbuka m'midzi ya mbali zonse za malire a Malawi ndi Zambia, napeza kuti mitundu iwiriyi imakayikirana kwambiri ku Malawi kuposa ku Zambia. Posner anati chifukwa chake n'chakuti ku Malawi mtundu uliwonse mwa iwiriyi ndi waukulu mokwanira kukhala maziko a ndale, pamene ku Zambia onse amawerengedwa pamodzi ngati anthu a kum'mawa. Ngati mpikisano wa ndale ungathe kuumba momwe munthu amaonera mnansi wake wa mtundu wina, n'zovuta kukana kuti ungathenso kuumba maganizo ake pa nkhani za boma.

Komabe mbiri ya zaka zotsatira ikuyankhula mokomera mbali yachiwiri. Chipani cha AFORD, chimene chinali ndi aphungu 36 mu 1994, chinatsala ndi 6 mu 2004 ndi mmodzi yekha mu 2009, ndipo anthu a Kumpoto akhala akusuntha voti yawo kuchoka ku chipani china kupita ku china popanda kuoneka kuti asokonezeka pa zimene akufuna. Bingu wa Mutharika anachoka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, ndipo mu 2009 chipani cha zaka zinayi zokha chinam'patsa mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, ochokera m'zigawo zonse zitatu, pa nthawi imene chimanga chinali chambiri ndipo makuponi a feteleza wotsika mtengo anali atafika m'midzi. Chipani cha PP cha Joyce Banda chinadzaza ndi aphungu mu 2012 ndipo pa chisankho cha mu 2019 chinapeza mipando isanu yokha. Mu June 2020 Lazarus Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 aliwonse, ndipo mu September 2025, mitengo ya zinthu itakwera ndiponso mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zitasowa, anagonja kwa Peter Mutharika yemwe anam'gonjetsa uja. Kayendedwe kotere kakufanana ndi chiwerengero cha mumtima cha Fiorina kuposa chikondi chosagwedezeka.

Chofunika kwambiri kuona n'chakuti pamene zipani zinkabadwa ndi kufa, zofuna za ovota ambiri zinakhala pamalo amodzi. Thandizo la zipangizo zaulimi linayamba ndi timatumba ta mbewu ndi feteleza m'nthawi ya UDF mu 1998, linakula kukhala ndondomeko ya makuponi m'nyengo ya 2005/06 pansi pa DPP, ndipo mgwirizano wa Tonse, wotsogozedwa ndi Chakwera, unalikulitsanso mu 2020 pogulitsa thumba la feteleza pa K4,495. Chipani chilichonse chimene chalamulira dziko lino kuyambira nthawi imeneyo chalonjeza feteleza wotsika mtengo, ndipo palibe chimene chinaphunzitsa mlimi kufuna feteleza, pakuti anaphunzira yekha poona kusiyana kwa munda wothira ndi wosathira. Pa nkhani iyi zipani ndizo zimatsata ovota, ndipo zimachita mantha kupatuka.

Pali chifukwa china chimene chiphunzitso cha mbali yoyamba chimavutikira kugwira ntchito ku Malawi, ndicho chakuti chipani sichingakhazikitse maganizo a otsatira ake ngati icho chomwe sichinakhazikike. Nyemba zoyanga zimaima chilili malinga ngati phesi la chimanga limene zayangapo lili chiimire. Pa nkhani yochepetsa mphamvu ya kwacha, mwachitsanzo, boma la Bingu wa Mutharika linakana kuichepetsa kwambiri, boma la Joyce Banda linachita zimenezo mu May 2012, ndipo boma la MCP linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Kawirikawiri amene ali kunja kwa boma ndiwo amadzudzula, ndipo amene ali m'boma ndiwo amateteza, mosayang'ana dzina la chipani. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, limene limati phungu wosamukira ku chipani china ataye mpando wake, lakhala likufunidwa ndi chipani chimene aphungu akuchithawa ndi kuzembedwa ndi chimene akuthawirako, monga zinaonekera kuyambira mu 2005 komanso mu 2012. Wovota amene angatsate chipani chake mokhulupirika pa nkhani zimenezi angathe kusintha maganizo kawiri kapena katatu m'zaka khumi popanda kumva mfundo yatsopano ngakhale imodzi.

Apa ndi pamene mkanganowu umafika pa mfundo imene mbali zonse ziwiri zimaizemba. Kukhulupirika ku chipani ndi kukhazikika kwa maganizo n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zina choyambacho chimaononga chachiwiri. Devra Moehler, pounika kafukufuku wa Afrobarometer m'maiko angapo a mu Africa, anaonetsa mu 2009 kuti otsatira chipani chopambana amakhulupirira mabungwe a boma ndi chilungamo cha chisankho kuposa otsatira chipani chogonja. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wosasiya chipani chake angathe kutama bungwe loyendetsa zisankho chaka chino ndi kulinyoza patapita zaka zisanu, ngakhale bungwelo likugwira ntchito mofanana, chifukwa choti chipani chake chachoka pa mpando. Zimene zinachitika ku Denmark zikuloza komweko zikaonedwa bwino: ovota amene anatsata chipani chawo chitatembenuka sanaonetse kukhazikika, koma anaonetsa kuti kukhazikika kwawo kwa zaka zam'mbuyo kunali kobwereka, ndipo mwini wake atakufuna anakutenga.

Mbali yoyamba ikunena zoona kuti pa nkhani zakutali ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, monga kayendetsedwe ka ndalama zakunja, kamangidwe ka malamulo a zisankho ndi ubale ndi maiko ena, anthu ambiri amatenga maganizo ku chipani, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mbali yachiwiri ikunenanso zoona, ndipo mawu ake ndi olemera kwambiri ku Malawi, kuti pa nkhani zimene munthu amaziona ndi maso ake, monga mtengo wa chimanga, mankhwala m'chipatala ndi ulemu wa dera lake, maganizo ake sadikira chilolezo cha chipani, ndipo chipani cholimbana nawo chimalangidwa pa tsiku la voti. Chodetsa nkhawa n'chakuti nkhani zakutalizo ndizo zimalamula mtengo wa chimanga ndi kupezeka kwa mankhwala, ndipo pa nkhani zomwezo ovota a ku Malawi alibe chipani chimene chaima malo amodzi kwa nthawi yaitali moti munthu n'kuchiweruza pa zimene chinanena. Lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa anthu, ndipo zimenezi zinali zoyenera, koma lamulo silingapatse chipani mfundo. Udindo umenewo uli ndi mamembala a zipani, amene ayenera kukakamiza misonkhano yaikulu ya zipani zawo kuti izikambirana za ngongole za boma, za kwacha ndi za tsogolo la thandizo la feteleza m'malo mongosankha anthu a maudindo, ndiponso uli ndi atolankhani, amene ayenera kumaika manifesito akale a chipani pambali pa atsopano ndi kufunsa atsogoleri chimene chasintha ndi chifukwa chake.